Zigoba za m'mbali mwa nyanja: zimene Senku ndi Tsukasa ankalimbirana mu Dr. Stone

Amene anandidziwitsa za Dr. Stone ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Fomu 3 amene anakhala nane chaka chathunthu pamene ankaphunzira pa sukulu imene ndimaphunzitsapo sayansi. Madzulo ena magetsi atazima ndinamupeza pakhonde ataweramira foni, ndipo nditamudzudzula kuti akutayira nthawi pa makatuni m'malo mogwira mabuku, anandiyankha modzichepetsa kuti, "Amalume, tangoonerani chigawo chimodzi chokha, mwina muzakapezamo chokaphunzitsa mawa." Ndinaonera chimodzicho, ndipo pasanathe milungu itatu ndinali nditamaliza zigawo 35 zoyambirira. Chimene chinandikoka poyamba chinali sayansi yake, chifukwa zambiri zimene amachita mmenemo ndi zomwe ine ndimajambula pa bolodi popanda zipangizo zoti ana agwire ndi manja. Koma chimene chakhala chikundisowetsa mtendere mpaka lero ndi mkangano wa anyamata awiri, Senku ndi Tsukasa, ndiponso kuti amene anagonja pa mkanganowo ndi amene anafunsa funso lolemera kuposa mnzake.

Nkhaniyi inayamba ngati manga, mabuku a zithunzi a ku Japan. Anailemba ndi Riichiro Inagaki, zithunzi anajambula ndi Boichi, ndipo inkatuluka m'magazini ya Weekly Shōnen Jump kuyambira 2017 mpaka 2022. Kampani ya TMS Entertainment inaisandutsa anime, makatuni a ku Japan, zigawo 24 mu 2019 ndi zina 11 kumayambiriro kwa 2021 pa mutu wakuti Stone Wars. Chiyambi chake n'chakuti tsiku lina kuwala kobiriwira kunakuta dziko lonse ndipo munthu aliyense anasanduka mwala. Patapita zaka zoposa 3,700, m'chaka cha 5738, mnyamata wa sekondale dzina lake Senku Ishigami anatsitsimuka n'kupeza mizinda ya Japan itamezedwa ndi nkhalango. Nthawi yonseyo iye anali akuwerenga masekondi chamumtima, kuti maganizo ake asazime komanso kuti adzadziwe nyengo imene wadzukira, poti munthu wodzuka wamaliseche pakati pa chisanu cha kumeneko sangapulumuke. Mnzake Taiju atadzukanso, awiriwo anazindikira kuti madzi odontha m'phanga la mileme ali ndi asidi wotchedwa nitric acid, ndipo atawasakaniza ndi mowa wa mphesa zakutchire umene anautcheza monga atchezera kachasu, anapeza madzi otsitsimutsa anthu amiyala. Cholinga cha Senku chinali chimodzi kuyambira pamenepo: kudzutsa anthu onse mabiliyoni 7, osasiyapo ndi mmodzi yemwe.

Tsukasa Shishio sanali m'mapulani awo. Anamudzutsa mwadzidzidzi mikango itawapanikiza, chifukwa anali katswiri wotchuka wa masewera omenyana, ndipo atangotuluka m'mwala anapha mkango ndi manja okha n'kuwalonjeza kuti sadzaonanso zoopsa. Kusiyana kwawo kunaonekera pa kanthu kakang'ono, zigoba za nkhono. Senku ankafuna zigoba zambiri chifukwa zikaphwanyidwa zimakonza nthaka ya m'munda, zimapanga laimu womangira komanso zimathandiza popanga sopo. Koma ali m'mbali mwa nyanja, Tsukasa anamufotokozera za mnyamata wosauka amene ankatola zigoba kuti apangire mkanda mlongo wake wodwala, ndipo bambo wina amene anali ndi umwini wa usodzi pamalopo anamumenya koopsa pomunena kuti ndi wakuba. Atamaliza kufotokoza anaphwanya chiboliboli cha munthu wamkulu chimene chinali pafupi, ndipo ananena poyera maganizo ake, akuti dziko latsopanoli lilibe mwini, ndipo ngati adzutsa akuluakulu onse, iwo adzayambiranso kunena kuti malo awa ndi anga, n'kumalipiritsa osauka lendi ndi misonkho. Iye ankafuna kudzutsa achinyamata okha amitima yoyera, kuti akhale mwamtendere ndi chilengedwe.

Pamenepa ndinaimitsa kanemayo kwa kanthawi. Ine ndinakulira m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ndipo ndili ndi zaka 9 ndinapita ndi mng'ono wanga pa gombe limene agogo athu ankayanikapo makoka awo. Tinapeza pamangidwa mpanda wotsika mpaka m'madzi. Tinazungulira chakumadzi monga ana amachitira, tikutola tizigoba toseweretsa, ndipo mlonda wa pamalopo anatigwira, n'kundiwomba mbama ziwiri, n'kutikhuthulitsa tizigobato pamchenga tisanachoke. Ululu wa mbamazo unatha tsiku lomwelo, koma nkhope ya agogo pamene tinkawafotokozera sindinaiiwale, chifukwa sanakwiye ndipo sanadabwe, anangoti, "Kumeneko anagula eni ake, musadzapitenso." Choncho pamene Tsukasa ankalankhula sindinamve mawu a chigawenga, ndinamva mawu a munthu amene anaona chimene ine ndinaona. Aliyense amene anadutsapo pakati pa minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, n'kuona timinda ta anthu titapanikizana m'mphepete mwake, akudziwa kuti funso lakuti nthaka ndi ya yani silinachokere m'katuni.

Senku sanatsutse kuti dziko lakale linali ndi nkhanza. Chimene anakana n'chakuti munthu mmodzi akhale pansi n'kumasankha woyenera kukhala ndi moyo. Ndipo apa m'pamene olemba nkhaniyi anachita bwino, chifukwa anawapatsa onse awiri nzeru zotha kuwerengana maganizo. Senku anali atanena kuti zigoba zili ndi ntchito zinayi koma anangotchula zitatu, ndipo Tsukasa anazindikira yekha kuti yachinayi ndi yothandiza popanga wonga wa mfuti. Senku, Taiju ndi mnzawo wamkazi Yuzuriha, amene naye anali atadzutsidwa, atathamangira ku mapiri a moto a ku Hakone kukafuna sulufule wosakaniza ndi makala kuti apange wongawo, Tsukasa anawalondola, anagwira Yuzuriha, ndipo Senku anaulula chinsinsi cha madzi otsitsimutsa kuti apulumutse mtsikanayo. Kenako Tsukasa anamupempha chinthu chimodzi, kuti alonjeze kusiya sayansi mpaka muyaya, ndipo sadzamupha. Bodza limodzi likanamupulumutsa, koma Senku anayankha kuti zimenezo sangathe. Tsukasa anamuthyola khosi ali wachisoni, atanena kuti akanakumana dziko lisanasanduke miyala mwina akanakhala mabwenzi. Senku anapulumuka chifukwa kachidutswa ka mwala kanali katatsalira kumbuyo kwa khosi lake, ndipo anzake atathirapo madzi otsitsimutsa, mwalawo pochoka unalumikiza chimene chinathyoka.

Ndaganizira kwambiri za pamene Tsukasa anasokera, ndipo ndikuona kuti si pa chifundo chake kwa osauka ayi, koma pa kuganiza kuti uipi umakhala m'zaka za munthu. Iye anaona nkhope ya bambo mmodzi amene anamumenya, n'kuiveka akuluakulu onse a padziko. Nkhaniyi sikumuyankha ndi ulaliki, imangotionetsa mudzi wa Ishigami, wa anthu pafupifupi 40, umene Senku anaupeza atasiyana ndi anzake. M'mudzimo muli Kaseki, mmisiri wokalamba amene moyo wake wonse ankabisa chikondi chake pa zopangapanga, ndipo popanda manja ake sipakanakhala mabotolo a galasi, ngakhale mababu, ngakhale foni. Mudziwo pawokha unachokera kwa anthu akuluakulu asanu ndi mmodzi amene anali pa International Space Station, malo ofufuzira a m'mlengalenga, pamene kuwala kuja kunkakuta dziko, ndipo mmodzi wa iwo anali Byakuya, bambo amene analera Senku. Byakuya anapeka nthano 100 zoti mibadwo izipatsirana pakamwa, mobisamo nzeru zopulumukira ndi uthenga wa kwa mwana wake, podziwa kuti iye sadzamuonanso. Makolo athu anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo Kaseki ndi Byakuya ndi anthu amene muyeso wa Tsukasa ukanawaphwanya popanda kuwafunsa dzina.

Anthu ena amati Senku sasintha, kuti mmene analili pa chigawo choyamba ndi mmene alili pa chomaliza. Ine sindigwirizana nawo. Cholinga chake n'chimene sichisintha, koma mmene amaonera anthu omuzungulira zimasintha pang'onopang'ono. Pofika m'mudzimo ankalankhula ngati munthu wongofuna antchito, ndipo ngakhale zofuna kuchiritsa Ruri, mtsikana wa m'mudzimo amene ankadwala chibayo, anazifotokoza ngati njira yokopera mudzi. Mankhwala amene anasankha ndi a gulu la sulfa, omwe m'mbiri yeniyeni anatchuka m'zaka za m'ma 1930 kudzera mu ntchito ya Gerhard Domagk ku Germany, penisilini asanafale. Kuti awapange panafunika chitsulo, maginito, magetsi, galasi ndi asidi wa sulufule wochokera pa dziwe lotulutsa mpweya wakupha. Asanapite ku dziwelo Senku anaganiza zomusiya kumudzi Chrome, mnyamata wa m'mudzimo wokonda kufufuza zinthu, n'kumuphunzitsa zonse zimene akudziwa, kuti iye akafa sayansi isafere limodzi naye. Mwa masamu zinali zomveka, koma Chrome anakana kukhala nkhokwe yosungiramo nzeru pamene mnzake akupita yekha kukafa, ndipo Senku anagonja n'kupita naye. Kugonja kumeneko n'kumene ine ndimakutcha kukula.

Chochitika chimene chimandikhudza koposa chili chakumapeto kwa zigawo za 2019. Senku akubwera kuchokera kuphanga kumene anakafuna mwala wa tungsten, anzake anamumanga nsalu kumaso, ndipo iye anangoganiza kuti mudzi watopa naye ndipo wagwirizana zomupereka kwa Tsukasa kuti ugule mtendere. Sanawiringule, anachilandira ngati chinthu chomveka. Atamumasula anapeza kuti amumangira kanyumba koonerapo nyenyezi ndi chipangizo choonera kutali, monga mphatso ya tsiku lake lobadwa, pa 4 Januwale. Mnyamata wodziwa kuwerenga masekondi a zaka zikwi zitatu anali asanawerengere kuti anthu angamukonde. Pomwepo panali Gen Asagiri, katswiri wa maganizo a anthu amene Tsukasa anamutuma ngati kazitape, yemwe ankadzitcha munthu wotsata kumene kuli phindu n'kumati anasintha mbali chifukwa cha botolo la chakumwa cha cola, koma amene zoona zake anagwidwa mtima ataona babu ikuwala m'dziko la miyala.

Za Chrome ndinene pang'ono. Iye ankadzitcha wamatsenga, ankatola miyala ndi zitsamba n'kumaziyesa yekha popanda womuphunzitsa, ndipo Senku atamufotokozera zonse zimene anthu anali atapanga kenako n'kutayika, analira. Nditamuona ndinakumbukira William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene atalephera kupitiriza sukulu nthawi ya njala anapanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola, anthu akumuyesa wamisala. Chrome ndi umboni wakuti ngakhale Tsukasa akanapha Senku kachiwiri, chidwi chofuna kudziwa chikanamera pena.

Nkhondo yeniyeniyo, imene ili m'zigawo za 2021, ndi yachilendo chifukwa chida chachikulu chimene mbali ya Senku inathera nyengo yonse yachisanu ikupanga ndi foni. Anapota mawaya, anaumba machubu a galasi opanda mpweya mkati, anapanga mabatire ambirimbiri, ana ndi okalamba omwe akugwira nawo ntchito. Mapulani awo anali oti Gen atsanzire mawu a woimba wotchuka Lillian Weinberg n'kunamiza anthu amene Tsukasa anawadzutsa kuti dziko la America layambiranso kuyenda ndipo thandizo likubwera. Bodzalo silinapite patali. Nikki, amene ankakonda woimbayo ndi mtima wonse, analitulukira, ndipo chimene chinamukoka si bodzalo koma nyimbo yeniyeni ya Lillian imene Byakuya anaisunga pa chimbale cha galasi. Ukyo, amene kale ankagwira ntchito yomvetsera phokoso m'sitima yapansi pa madzi, naye analitulukira, ndipo anapereka lamulo limodzi kuti awathandize, lakuti pasafe munthu ngakhale mmodzi. Ukyo anali ataona chinthu chimene chinamusintha: Yuzuriha, mtsikana wa luso la zosokasoka, akutola mwakabisira zidutswa za anthu amene Tsukasa anawaphwanya n'kumazilumikiza kachidutswa ndi kachidutswa, kuti tsiku lina adzathe kudzutsidwa. Kwa ine chithunzi chimenechi n'chimene chimayankha Tsukasa kuposa mawu onse a Senku, chifukwa kuphwanya kunkatenga kanthawi kochepa pamene kulumikiza kunkatenga miyezi, ndipo mtsikanayo anasankha ntchito ya miyeziyo.

Komabe nkhaniyi siibisa kuti mantha a Tsukasa anali ndi maziko. Phanga limene mbali ziwirizi zinkalimbirana linali gwero la madzi otsitsimutsa komanso gwero la wonga, asidi wake ndi mmodzi yemweyo. A mbali ya Senku atalanda phangalo m'masekondi 20 ndi galimoto yoyendera nthunzi imene anaikuta ngati yankhondo, Tsukasa ndi womuthandiza wake Hyoga anafika n'kuyamba kuwagonjetsa, ndipo chimene chinaimitsa nkhondo n'chakuti Senku anapanga mankhwala ophulika otchedwa nitroglycerin m'phangamo, n'kuipaka pa kandege ka pepala, n'kuphulitsa mtengo onse akuona. Mtendere unabwera chifukwa mbali imodzi inali ndi bomba. Monga mphunzitsi wa sayansi sindingathe kulambalala zimenezi. Alfred Nobel, amene dzina lake lili pa mphoto ya mtendere, analemera ndi dainamaiti imene anaipanga kuchokera ku nitroglycerin yomweyo mu 1867. Fritz Haber anapeza njira yotengera nayitrojeni mumpweya n'kupanga amoniya, ndipo feteleza wa urea ndi CAN amene timathira m'chimanga amachokera pa njira imeneyo, koma Haber yemweyo anatsogolera ntchito yogwiritsa mpweya wa poizoni wa chlorine pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ku Ypres, ku Belgium, mu 1915. Tsukasa akamati sayansi idzabweretsanso zida zopondereza ofooka, mbiri ili kumbali yake.

Chimene Senku anachita ndi mphamvu imene anaipezayo n'chimene chinasiyanitsa zinthu. M'malo molamula kuti Tsukasa agwade, anamufunsa za mlongo wake. Iye anali atalingalira kuti mnyamata wodana ndi ndalama chotere sakanamenya nkhonya pa wailesi yakanema chifukwa cha kutchuka, ndipo zinalidi choncho: mlongo wakeyo, Mirai, anali chigonere m'chipatala ubongo wake utasiya kugwira ntchito, ndipo Tsukasa ankamenyera ndalama zolipirira makina omusunga ndi moyo. Popeza mwala pochoka umakonza chowonongeka m'thupi, monga unachitira pa khosi la Senku, panali chiyembekezo. Anakumba pamene panali chipatalacho pogwiritsa ntchito dainamaiti yomwe ija, anamupeza Mirai, ndipo anadzuka ali bwinobwino. Tsukasa sanagonje chifukwa chotsutsidwa pa mfundo. Sayansi imene ankaiopa inamubwezera munthu yekhayo amene mkwiyo wake wonse unayambira. Ndipo zinadziwika kuti ankakumbukira malo a chiboliboli chilichonse chimene anaphwanya, kusonyeza kuti mumtima mwake sanasiye kudziwa kuti akupha anthu.

Chilango chake chenicheni chinachokera m'nyumba mwake momwe. Hyoga, katswiri wa mkondo amene anali dzanja lake lamanja, nayenso ankakhulupirira zosankha anthu, koma muyeso wake unali wina, wakuti dziko silingadyetse mabiliyoni 7, choncho adzuke aluso ndi amphamvu okha. Ndi Hyoga yemweyu amene m'mbuyomo anakankhira anthu ake mu mpweya wapoizoni pofuna kungotsimikiza ngati ukupha. Mtendere utangokhazikika, Homura, womutsatira wake, anaphulitsa phanga lija, ndipo Hyoga analoza mkondo kwa Mirai podziwa kuti Tsukasa adzadziponya patsogolo, n'kumubaya pachifuwa. Hyoga anali wachinyamata, anadzutsidwa m'dziko loyera la Tsukasa, ndipo anangotenga mfundo ya mtsogoleri wake n'kuisintha muyeso. Tsukasa anatsegula khomo lakuti munthu angasankhe oyenera kukhala ndi moyo, ndipo amene analowera pakhomopo analoza mkondo mlongo wake. Pomenyana ndi Hyoga, Senku ndi Tsukasa anaima mbali imodzi kwa nthawi yoyamba chiyambire pa mikango ija, wina ndi mphamvu zimene zinamutsalira, wina ndi kachipangizo kogwiritsa shoko kamene anakalumikiza ndi mabatire a foni, ndipo Tsukasa anakumbukira lonjezo lake loyamba lija limene analiphwanya.

Bala lake linali losachiritsika ndi zimene anali nazo. Njira yokha inali yomusandutsanso mwala kenako n'kumudzutsa, koma chinsinsi cha kuwala kobiriwira anali asanachipeze. Choncho Senku anapanga firiji n'kumuumitsa, kutanthauza kuti anayenera kuimitsa moyo wa mnzakeyo ndi manja ake, pokhulupirira kuti tsiku lina adzamubweza. Pa nthawi yomalizayo anatsala awiriwiri, ndipo Senku, amene nthawi zonse ankanyoza chilichonse chopanda phindu, anayamba kucheza naye nkhani wamba zopanda mutu, n'kupitiriza kulankhula ngakhale mnzakeyo atasiya kuyankha. Mwana wa mlongo wanga uja anandiyang'ana pamenepo n'kunena kuti, "Amalume, ndiye kuti anakhaladi mabwenzi." Ndinangogwedeza mutu chifukwa mawu anali atandithera.

Koma pali chimene sindinakhutire nacho, ndipo ndikuchinena chifukwa nkhaniyi ndimaikonda. Bala la Tsukasa la mumtima linapola Mirai atadzuka, koma funso lake silinayankhidwe. Bambo uja wa pa gombe akadzadzutsidwa pamodzi ndi mabiliyoni enawo, n'kuloza mchenga n'kunena kuti ndi wake, adzamuletsa ndani? Nkhondo itangotha, munthu amene anamudzutsa kuti awayendetsere chombo ndi Ryusui Nanami, mwana wa banja lolemera kwambiri, amene ananena msanga kuti mafuta akapezeka akhale ake ndipo anayambitsa ndalama yakeyake yotchedwa drago. Olemba anazionetsa mosangalatsa, ndipo Ryusui ndi munthu wopatsa, koma ine ndinaona umwini ndi ndalama zikubwerera Tsukasa ali chigonere m'firiji. Senku akudziwa kupanga mankhwala a chibayo, koma za amene adzakwanitse kuwagula akadzayamba kugulitsidwa, amazisiyira ena.

Sabata yotsatira ndinapita m'kalasi ya Fomu 3 ndi zigoba za nkhono m'thumba la pulasitiki. Tinaziphwanya mumtondo, tinathirapo viniga, ndipo ana anaunjikana kuona thovu la mpweya likutuluka. Nditalemba pa bolodi zimene zachitika m'kapumo, ndinawafotokozera za mnyamata amene anamenyedwa chifukwa chotola zigoba ngati zimenezi, ndi za mnzake amene ankafuna kudzutsa aliyense kuphatikizapo womenyayo, n'kuwafunsa kuti akanatsata ndani. Kalasi inagawikana, ndipo belu linalira akukanganabe. Mtsikana wina amene kawirikawiri salankhula anatsalira pamene anzake ankatuluka, n'kundiuza kuti iye akanadzutsa onse monga Senku, koma akanayamba wakhazika pansi anthu odzuka kale kuti agwirizane za gombe bambo uja asanathiridwe madzi. Kenako anandipempha zigoba zimene zinatsala kuti akayesere yekha kunyumba, ndipo ndinamupatsa thumba lonselo.